Kukhala Chete kwa Sakina

Tsiku lina, atangotha mapemphero a masana, Shehe Imedi a ku Ntaja analandira mlendo, a Jafali Mdoka, mphunzitsi wotchuka pophunzitsa achinyamata kalankhulidwe kabwino. Eee, pakamwa pokha a Mdoka anadalitsidwa! Timabuku tawo tinkawerengedwa m'madrasa ambiri, ndipo eni akewo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Koma tsikuli anafika nkhope ili yakugwa. Mwana wawo Sakina, mtsikana wa ku sekondale, anali atasiya kulankhula nawo, ndipo anali atapempha mayi ake kuti azikakhala kwa azakhali.

Atapatsana salamu, a Mdoka anatulutsa kabuku m'chikwama.

"Shehe, ndabwera kuti mundilangizire mwana. Ana a eni ndawaphunzitsa kufotokoza za kukhosi popanda mantha, koma wanga wasanduka bububu. Kabuku aka anakaloweza konse. Tikangotha kudya ndimamukhazika pansi n'kumufotokozera mutu ndi mutu. Iye duu, maso pansi."

"Pepani ndithu," anatero Shehe. "Nanga mukamufunsa chimene chavuta, amati bwanji?"

"Ndimufunsirenji? Ndikuchidziwa kale. Ndi mwano wa ana a masiku ano."

Apa a Mdoka anayambapo: za mafoni, za anzake oipa, za mmene iwo ankaopera bambo awo. Shehe anayesa kulowetsapo mawu, koma mpata unasowa. Anangopinda manja n'kumamvetsera mpaka mlendoyo anauma kukhosi.

"Ndiye ndiuzeni, Shehe, ndimuwonjezere phunziro lanji? Ndikuopa, mwanayu andichokera." Bamboyu ankamukonda mwana wakeyo kwambiri, ndipo Shehe anawamvera chisoni.

"Bambo Mdoka, pa nkhani ya kalankhulidwe ine ndine wophunzira wanu. Koma ndiloleni ndifunse. Imamu akakwera pa mimbari, pa nsanja yolalikira paja, Lachisanu n'kuyamba ulaliki wa khutuba, munthu woleredwa bwino amatani?"

"Amakhala chete. Kulankhula nthawi imeneyo n'koletsedwa, ngakhale kuuza mnzako kuti akhale chete."

"Mwayankha bwino," anatero Shehe mofatsa. "Ndiye kuti mwana wanu alibe mwano, mwamulera bwino zedi. Kungoti ife kuno ku mzikiti khutuba timapereka Lachisanu lokha, ndipo imatha. Kunyumba kwanu siinathebe. Sakina akudikira kuti mutsike pa mimbari."