Wakuba Wovala Thumba la Feteleza

Pasukulu ina ya pafupi ndi msika panali mphunzitsi wina wamkazi, wamfupi moti anyamata ena a Sitandade 8 ankamupitirira. Iye ankaphunzitsa Sitandade 6. Lachitatu lililonse akaweruka, ankakankhira madesiki kukhoma n'kumaphunzitsa ana ake sewero.

Sewerolo linali losavuta. Munthu aba foni pamsika, anthu amugwira, ndipo mmodzi aima pakati n'kunena kuti, "Musamumenye! Tiyeni naye kupolisi!" Mawu amenewa anapatsidwa kwa mtsikana wina dzina lake Tiyamike. Wosewera wakuba ankavala kumutu thumba la feteleza loboola m'maso.

Koma akangofika pogwira wakuba, ana aja ankaiwala zonse. Zibakera, mateche, mapatapata. Tiyamike ankanena mawu ake chapansipansi ali kumbuyo kwa gulu, kenako nayenso n'kuponyako theche kuti asatsalire. Sabata yachitatu mwana wina anabwera ndi tayala lakutha, popanda womutuma. Tsiku limenelo Lonjezo, amene ankasewera wakuba, anapita kwawo mlomo utatupa, ndipo ananenetsa kuti sabweranso.

Ahedi anaitanitsa mphunzitsiyo. "Madamu, zamasewero zanuzi zithe. Makolo ayamba kulankhula."

"Ndipatseni Lachitatu limodzi lokha," anapempha. "Zikakanika, ndisiya ndekha."

Mlomo wa Lonjezo unamumvetsa chisoni mphunzitsiyo, koma chimene chinamuwawa kwambiri linali tayala lija. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri anadziwa bwanji kuti wakuba amamukoleka tayala m'khosi? Yankho ankalidziwa. Msika unali pafupi, ndipo ana ali ndi maso. Anatsimikiza mumtima kuti ana amenewa sawasiya akule choncho.

Lachitatu litakwana, anawauza kuti, "Lero wakuba akhala mnyamata wina wa Sitandade 8. Akalowa, inu yambani. Ine ndikupita kaye ku ofesi."

Posakhalitsa analowa munthu wovala buluku lakutha, thumba lili kumutu. Anatsomphola foni yadothi imene ankagwiritsa ntchito m'seweromo n'kuthawira kumadesiki.

"Wakuba! Wakuba!"

Poti Madamu panalibe, ana anamasuka. Anamugwetsa pansi. Anamupondaponda. Wina anamumenya ndi tsache, wina n'kumukoleka tayala lija. Tiyamike sanatsegule n'komwe pakamwa. Munthuyo sanalire, sanathawe. Ana atatopa, iye anadzuka pang'onopang'ono n'kuvula thumba.

Anali mphunzitsi wawo, magazi akuchucha m'mphuno.

Amene anali ndi tsache analitaya. Ena anayamba kulira. Mwana wa tayala uja anagwada. "Madamu, sitimadziwa kuti ndinu."

"Mukanadziwa, mukanatani?"

"Sitikanakumenyani."

"Nanga Lonjezo simumamudziwa? Nanga munthu uja anamuwotcha pamsika analibe dzina?"

Mphunzitsiyo anapukuta mphuno ndi mpango. Sanakalipe, sanatenge ndodo. Anatola thumba lija n'kulivalanso.

"Tiyambirenso. Tiyamike, mawu ako sindinawamve."

Anayambiranso. Gulu litathamangira wakuba, Tiyamike anadutsa pakati pa anzake n'kuima patsogolo pake atatambasula manja. Anakuwa mpaka ahedi anatulukira pakhomo la ofesi.

"Musamumenye! Tiyeni naye kupolisi!"

"Bwerezanso," anatero mawu a m'thumba.

Anabwereza. Kenako mphunzitsi anaitana wotsatira, ndi wotsatira, mpaka mwana aliyense ataima pamalo amenewo n'kunena mawuwo mokweza. Sewero silinaletsedwe. Sabata yotsatira Lonjezo anabweranso, ndipo tayala analikwirira kutsogolo kwa kalasi n'kudzalamo maluwa.

Inu amene mukumva, ana aja sanali oipa mtima. Ankasewera zimene anationa ife akuluakulu tikuchita. Kuba n'koipa ndithu, ndipo wakuba ayenera kuyankha mlandu wake. Koma gulu likakwiya limayamba lamuveka munthu thumba kuti lisaone nkhope yake, ndipo pamenepo aliyense dzanja limapepuka. Mawu oletsa aja ambirife timawadziwa. Timangowanena chapansipansi tili kumbuyo, kenako n'kuponyako theche lathu. Choncho Loweruka likubwerali, mukadzamva "Wakuba!" pamsika, pitani kutsogolo mukaime pamene anaima Tiyamike. Mukakuwe mawu aja, chifukwa mwana wanu adzakhala ali pomwepo akukuonani.