Hita ya M'galimoto ya Bambo Ake

Kuseri kwa msewu wa masitolo kunali galaja ya mmisiri wina amene ankadzutsa magalimoto akalekale. Anthu ankamubweretsera zigoba zoti nkhuku zinkaikiramo mazira, iye n'kuzikhalira pansi mpaka zitayenda ngati zangotuluka kufakitale. Anzake anamupatsa dzina loti Orijino chifukwa mawu amenewa, otanthauza chinthu chenicheni monga chinachokera kufakitale, sankachoka pakamwa pake. Bawuti yatsopano ankaiyang'ana ngati yamutukwana. Luso anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa, koma makutu ake anali ongokongoletsa mutu basi.

Galimoto imene inamutenga mtima kuposa zonse inali ya bambo ake omubala. Bambowo anaigula adakali anyamata, ndipo itafa inagona zaka zambiri pansi pa lona kuseri kwa nyumba. Tsopano bambowo anali atakalamba, chifuwa chikuwasautsa, kuyenda kwake kogwira makoma. Malirime a anthu okalamba sachulukitsa zopempha, ndipo iwo anali ndi pempho limodzi lokha.

"Mwanangu, ndisanatsikire kulichete, udzandikweze m'galimoto yanga ija. Kamodzi kokha."

Orijino analonjeza, ndipo mumtima mwake anawonjezera lumbiro lakelake: bambo adzaipeza monga anaisiyira, osasintha ngakhale kamsomali.

Ntchito inayenda bwino mpaka anafika pa hita. Magalimoto a mtundu umenewo ankafunditsa anthu m'njira yosavuta. Pa injini pali chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi n'kuupititsa ku ekizozi, ndipo chimatentha ngati mbaula. Pamwamba pake ankavundikirapo chibokosi cha malata. Mphepo yochokera ku fani inkadutsa m'chibokosimo, n'kutenthedwa, n'kulowa m'galimoto pa kachitseko ka kumapazi. Choncho pakati pa utsi ndi mpweya wopuma anthu panalibe china koma chitsulo chokhacho. Ndipo chitsulo cha m'galimoto ya bambo ake chinali ndi mng'alu.

Orijino anauwotcherera mng'aluwo mwaluso, n'kupala bwinobwino mpaka chipsera chinkachita kusowa. Ali mkati mosirira ntchito ya manja ake, analowa mlamu wake, mwamuna wa mchemwali wake, amene anali mmisiri wa maradiyeta. Awiriwa ankagwira ntchito moyandikana kuyambira kale, ndipo ankalankhulana mosabisa mawu. Mlamuyo ananyamula chitsulocho, n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Alamu, mwawotcherera bwino, koma chitsulo choumba ngati ichi sichikhululuka. Chikatentha n'kuzizira kangapo, chimatsegukanso pambali pa chipsera. Tiyeni tiikemo hita ya madzi. Timangotenga madzi otentha a mu injini, n'kuwadutsitsa m'karadiyeta kakang'ono pansi pa dashibodi. Ndili nako kwanga, kabwinobwino."

"Mukufuna ndiboole thupi la galimoto ya bambo anga kuti mudutsitse mapaipi anu a labala?" Orijino anaseka. "Inu alamu mukanakhala dokotala, bwenzi munthu wodwala mutu mukumuika radiyeta."

"Sekani, koma mvetsani. Hita ya madzi ikadontha, munthu amanyowa nsapato basi. Iyi ikadontha, imadontha utsi. Ngati simukufuna yanga, tsekeranitu kachitsekoko, bambo adzafunde bulangeti."

"Ndiye kuti si galimoto yawo imeneyo. Ndipo utsi ndingalephere kuumva ine? Mphuno iyi yakulira m'galaja."

"Umene umapha anthu sununkha, alamu."

Mlamuyo anabweranso tsiku lina atanyamula karadiyeta kaja m'manja, n'kukasiya pa benchi. Orijino anakakankhira pakona pamodzi ndi zitini za penti. Pamene mchemwali wake anayesa kuikapo mlomo, anamuyankha kuti za zitsulo azisiyira eni ake. Basi, aliyense anatseka pakamwa, poti munthu wamkulu sumumanga ndi chingwe.

Kunena zoona, Orijino hitayo anaiyesa. Analiza injini zitseko za galaja zili pululu, n'kugwada, n'kuika nkhope pa kachitseko kaja. Anamva fungo la penti yotentha basi, mtima wake n'kukhala m'malo. M'masabata otsatira ankaiyendetsa galimotoyo masana, kunja kukutentha, mawindo ali otsegula. Ulendo uliwonse chitsulo chija chinkatentha n'kuzizira, koma chibokosi sanachivundukulenso, poopa kukanda penti.

Tsiku lokweza bambo ake linacha ndi chisanu cholasa m'mafupa, chifunga chili tolo. Bambowo anavala jekete yawo yosungira ndi chipewa, ndipo atatuluka pakhomo n'kuiona galimoto ikunyezimira, anaima chilili, misozi ikutsika. Anasisita boneti ngati akusisita mutu wa mwana. Orijino anawakweza kutsogolo, pambali pake, ndipo chimwemwe chimene anali nacho m'mawa umenewo sanachimvepo chibadwire.

"Kodi kachitseko kaja kalipo?" anafunsa bambowo, phazi likufufuza pansi. Atakapeza anakakankha okha ndi nsonga ya nsapato, mphepo yofunda n'kuwaomba m'miyendo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi ako ankaika mapazi pomwe pano. Mwanangu, palibe chimene wasintha. Tseka mawindo, tisataye kutentha."

Anatseka. Anatuluka m'tauni n'kuyamba kukwera msewu wa kuphiri, injini ikulimbana ndi chikweza. Bambowo ankasimba za maulendo awo akale, za matayala amene anawaphulikira, za anzawo amene anapita kale. Pang'ono ndi pang'ono mawu anayamba kukokeka.

"Mutu ukundilemera," anatero, "koma ndi tulo tabwino."

"Gonani, bambo. Tikafika pamwamba ndikudzutsani."

Naye Orijino mutu unali utayamba kugunda, koma anaganiza kuti n'chifukwa chonyamuka osadya. Kenaka msewu unayamba kuoneka pawiri, manja akulemera pa chiwongolero, mseru ukukwera. Anakhotera m'mbali, n'kukoka buleki ya pamanja, n'kutsegula chitseko. Miyendo inakana, ndipo anagwera pa udzu wa mame. Poti galimoto inaima moyang'ana kumtunda, chitseko chinabwerera chokha n'kutsekeka. Injini inali ikulirabe.

Sanadziwe kuti anagona pamenepo nthawi yaitali bwanji. Anatsitsimuka dalaivala wina wa lole akumugwedeza, ndipo mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwake anali akuti, "Bambo anga!" Dalaivalayo anathamanga, n'kutsegula zitseko zonse, n'kuzimitsa injini. Bambowo anali atatsamira pa mpando, chipewa chili pa maondo, nkhope ili phee ngati munthu amene akulota zabwino. Anawatulutsa, anawakupiza, anawaitana, koma sanayankhe.

Kuchipatala dokotala sanazungulire. Anati onse awiri anapuma mpweya woipa wa mu utsi wa injini, umene suoneka ndiponso sununkha. Mwanayo anapulumuka chifukwa anagwera panja, koma chifuwa cha munthu wokalamba sichikanatha kupirira. Mchemwali wa Orijino, amene anafika akuthamanga, anamva zonsezo ataima pakhomo. Sanakuwe. Anangomuyang'ana mchimwene wakeyo.

"Achimwene, bambo anangopempha kukwera galimoto yawo," anatero, n'kutembenuka.

Maliro atatha, Orijino anapita yekha kugalaja. Anatenga sipanala n'kumasula chibokosi chija, osasamalanso za penti. Pamene anawotcherera panali pogwira bwinobwino, posalala monga anapasiyira. Koma pambali pake penipeni panali mng'alu watsopano, wopyapyala ngati tsitsi, m'mphepete mwake muli mwaye wakuda. Anakhala pansi pa simenti yozizira, chitsulocho chili pamiyendo, ndipo analira ngati mwana. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti panalibe wina womuloza chala. Anachenjezedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo iye anaseka.

Mlamu wake anamupeza ali chomwecho. Anakoka chitini n'kukhala pambali pake. Patapita nthawi Orijino anadzutsa mutu.

"Alamu, tanenaninso zija munkanena. Ndikumva tsopano."

Mlamuyo anapukusa mutu, naye maso ali ofiira. "Zatha ntchito, alamu. Amene tinkafuna kuwafunditsa aja tawaika m'manda."

Munthu akakhala katswiri, mawu a mnzake amawaona ngati phokoso, mpaka tsiku limene angapereke chilichonse kuti nthawi ibwerere m'mbuyo. Koma nthawi ilibe giya yobwerera. N'chifukwa chake akuluakulu anati Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.