Thumba la Tsitsi Kuseri kwa Chitseko

M'kuyendayenda kwanga ndakhalira mipando yambiri yometera, koma nkhani iyi ndinaitola pampando wa bambo wina wa nthabwala ndi nkhani zosatha amene anthu ankangomutcha Lumo. Kachipinda kake kanali ndi galasi long'aluka pakona, benchi imodzi ndi wailesi yosasa mawu. Kuseri kwa khoma lake kunkagwira ntchito mayi wina wosoka zovala.

Anyamata ena atatsegula malo ometera tsidya lina la msewu, benchi ya Lumo inayamba kuzizira. Mtima unamuwawa, mpaka anaganiza zophunzira ufiti wokokera anthu. Kupita kwa odziwa anaopa, poti pakamwa pa munthu palibe loko. Choncho analowa yekha, mphunzitsi yemweyo wophunzira yemweyo, kulumikiza timphekesera timene anatola kwa ometetsa ndi pafoni. Anadziikira malamulo awiri: asamalankhule pometa kuti mphamvu isathawire pakamwa, ndipo tsitsi la aliyense azilisunga m'thumba kuseri kwa chitseko kuti mwiniwake azibwereranso.

Mayi wosokayo anaona kuti tsache likusesa tsiku ndi tsiku koma kudzala sikukufika kanthu. Anamuitanira pambali n'kumuuza kuti anthu ayamba kunong'ona, ndipo mkulu wina atameta anatola tsitsi lake n'kupita nalo kwawo litamangidwa pakampango. Lumo anayankha kuti aliyense aziyang'ana singano yake.

"Achimwene, anthu ankabwera kudzamva mabodza anu aja, kumetako kunali kongonamizira. Tayani thumbalo lisanakutayeni."

Sanataye. Pasanapite nthawi, mwana wa bambo wogulitsa makala anatentha thupi atangometedwa kumene kwa Lumo. Dzuwa lili paliwombo, bamboyo anafika ndi chigulu cha anthu, nasolola thumba lija n'kulikhuthula pakhonde. Imvi, tsitsi lakuda, la ana, zonse mbwee poyera. Ena anali atatola kale miyala.

Mayi wosoka uja anatuluka tepi yoyezera ili m'khosi. Anauza anthuwo kuti tsitsilo anachita kupempha ndi iyeyo, amaika m'timapilo tobayapo singano kuti zisachite dzimbiri. Anang'amba kapilo kake kakale onse akuona, ndipo munatulukadi tsitsi, ngakhale linali la m'mutu mwake momwe. Kenaka anamukalipira wamakalayo kuti mwana akufunika chipatala, iye ali kalikiliki kufukula zinyalala za eni. Miyala inagwa pansi umodziumodzi. Kuchipatala mwanayo anamupeza ndi malungo, ndipo anachira.

Anthu atabalalika, Lumo anagwada pafupi ndi makina osokera.

"Achemwali, ndikuthokozeni ndi mawu ati?"

"Mawu mwawapeza lero? Ndanama chifukwa cha inu, ndipo sindidzabwerezanso. Katentheni zonyansa zanuzo, mukatero mubwere mudzandisesere muno."

Anatentha, ndipo ufiti wake unathera mu utsi womwewo, usanakoke ngakhale ntchentche. Anyamata a kutsidya aja akumetabe anthu ambiri kumposa, koma iye sadandaula. M'mawa uliwonse amayamba wasesa kaye chipinda cha mayi uja asanatsegule chake, ndipo mkazi wake akamuseka kuti wasanduka wantchito wa telala, amangoti mutu umene ali nawowu anachita kubwerekedwa.

Mawu amene anawakana ali pambali ndi omwe akanamupulumutsa ku manyazi a pagulu. Lumo anadziwa mochedwa, koma anadziwabe, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.