Alovera wa Che Jafali

Tsiku lina, itatha swala, pemphero la Asilamu la masana, Che Jafali anafika pakhonde pa Shehe Twaibu Malinda, mphunzitsi wa madarasa ku Ntaja, atanyamula chidebe. M'chidebemo munali alovera wakufa, masamba ake achikasu ndi ofewa ngati nthochi yopsetsa. Anavula nsapato ndi kupereka salamu monga mwa mwambo, koma nkhope yake inali yakugwa.

Shehe anali atagwada pansi, akuzula udzu m'mbali mwa alovera wawo wamkulu, amene anthu ankatengako masamba opaka pa zilonda zamoto ndi othira m'madzi a nkhuku zodwala. Anasamba m'manja, nayala mkeka.

"Khalani pansi, Che Jafali. Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino, Shehe, tithokoze Allah. Koma ndabwera ndi funso, ndipo mundikhululukire ngati lili lolemera. Kodi mphunzitsi amaloledwa kukondera?"

"Saloledwa. Ndakondera ndani?"

"Mng'ono wanga Ausi. Chaka chatha munatipatsa mphukira za alovera tonse awiri. Wake lero wadzaza kuseri kwa nyumba. Mwana akapsa ndi phala, amayi amathamangira kwa Ausi. Nkhuku zikayamba kusinza, kwa Ausi. Pakhomo panga, ine mkulu wake, amangodutsa ngati sipakhala munthu. Wanga ndi uyu mukumuonayu. Ngati simunamusankhire mbewu yabwino, ndiye kuti munamupempherera pemphero la madalitso, duwa imene ine munandimana. Sindinalankhule naye kuyambira mwezi wa Ramadani, ndipo ana anga ndikufuna kuwachotsa pa madarasa pano."

Shehe sanadziteteze. Anagwira mbewuyo, ndipo inazuka yokha, tsinde lake lakuda ndi lonunkha. Anatembenuza chidebe, napeza kuti pansi pake panalibe chiboo.

"Tsiku limene ndinakupatsani ndinati chiyani?"

"Munati mphukira tikaisiye pamthunzi masiku angapo kuti bala la podula liume, kenako tibzale m'dothi losakaniza ndi mchenga, osafulumira kuthirira."

"Munatero?"

Che Jafali anakhosomola. "Ndinaona Ausi ataisiya yake pakhonde ngati chinthu chotaya. Ndinati ndimutsogolere. Ndinabzala tsiku lomwelo, m'dothi lakuda la m'khola."

"Nanga chidebechi chimakhala pati?"

Apa Che Jafali anawongola msana, pakuti anali wotsimikiza kuti pamenepa sanalakwe. "Pamalo aulemu, Shehe, pamene ndimatawazira ndisanaswali. Madzi onse osambitsa nkhope, manja ndi mapazi amagwera momwemu, kasanu pa tsiku. Ndinati madzi a mapemphero ali ndi madalitso. Ya Ausi imamwa mvula wamba."

"Masamba atayamba kufewa munatani?"

"Ndinasuzumira pampanda, ndinaona ya Ausi ikunenepa, ndipo ndinawonjeza madzi."

Munthu waulemu saseka mlendo wake, ndipo Shehe sanaseke. Anaika mbewu yoolayo pambali, napukuta zala.

"Che Jafali, mphukira zonse ziwiri ndinazichotsa pa mayi mmodzi, uyu ali apayu, ndipo yaikulu ndinapatsa inu chifukwa ndinu wamkulu. Duwa ndinapempha imodzi. Madzi otawazira amayeretsa munthu wopemphera, koma sasintha chilengedwe chimene Allah anaipatsa mbewu. Iyi anailenga kuti izisunga madzi ake m'masamba. Ikamizidwa imaola, ngakhale amene akuimiza akhale wopemphera chotani. Ausi ankayang'ana mbewu yake. Inunso munkayang'ana ya Ausi. Yanuyi inalibe woiyang'ana."

Che Jafali anagwetsa maso pamkeka. Kenako anayang'ana alovera wa Shehe uja, amene patsinde pake panali mphukira zambiri.

"Ndamva, Shehe. Mundipatseko ina, ndikayambenso."

"Zilipo, koma sindikupatsani."

"Mukundimana?"

"Ndikukutumani. Chipembedzo chathu sichilola munthu kunyanyala m'bale wake miyezi yonseyi, ndipo inu mukuzidziwa. Pitani kwa Ausi lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Muyambe ndinu kupereka salamu, ndipo mukamupemphe mphukira ndi manja awiri. Mukaisiye pamthunzi mpaka bala liume. Chidebechi mukachiboole pansi ndi msomali, ndipo muchichotse pamalo otawazira."

"Ine wamkulu ndikapemphe kwa mng'ono wanga? Akandiseka."

"Kapena akakusekani. Mukapirire, pakuti amene anayamba kuseka mnzake ndinu, pamene munaona mphukira yake ili pakhonde. Za ana pa madarasa, ndinu bambo wawo, mukaweruza nokha. Koma ndikakupatsani yanga, mukaibzalanso maso ali kwa Ausi, ndipo chaka chamawa mudzabweranso ndi chidebe. Alovera wa Ausi akadzamera pakhomo panu, mudzasowa chosuzumira pampanda."