Anapala Thabwa Mnzake Akulankhula

Panali munthu wina, kalipentala, amene ankagwira ntchito pa shedi ina m'mbali mwa msewu m'tauni. Ankakhoma zitseko, mabedi, mipando, ndipo nthawi zina mabokosi a maliro. Pa shedipo antchito analipo atatu. Panali iyeyo, panali mnzake Kefasi wa msinkhu wake, ndiye panali a Lufeyo, bambo wachikulire amene anaphunzitsa awiriwo kugwira sowo mowongoka.

Bwana wawo sanali munthu wankhanza, ayi. Bola akanakhala wankhanza, chifukwa wankhanza umadziwa kuti uyu ndi mdani. Uyu anali wa pakamwa pozuna. Antchito ake ankawatcha abale. Mwezi ukatha, m'malo mwa malipiro ankabwera ndi mandasi otentha m'jumbo, n'kunena kuti, "Abale anga, kasitomala wa mabedi uja sanalipirebe. Tipirire mpaka Lachisanu." Lachisanu likafika, foni yake inkakhala yozimitsa. Lolemba ankatulukira akuseka, ali ndi nkhani ina yatsopano. Tsono munthu akuseka nawe, mandasi ake ali m'kamwa mwako, uyamba bwanji kumufunsa ndalama? Amene ankachita manyazi anali antchitowo, ngati kuti angongole ndi iwo.

Mwezi woyamba unatha. Wachiwiri unathanso.

Kunyumba kwa kalipentala wathuyu mkazi wake anasiya kufunsa. Ankangomuyang'ana m'manja akamalowa, n'kubwerera ku mbaula. Pa okala pamene ankatenga sopo ndi mchere pangongole anasiya kudutsapo, ankazungulira njira yakuseri. Zinali zowawa, koma sizinafike pamene zinafika kwa a Lufeyo.

Kwa a Lufeyo, eni nyumba anatopa ndi kudikira lendi. Anabwera ndi hamala, anazula chitseko, n'kupita nacho. Inu mukudziwa kuti eni nyumba ena amatero. Munali mu Juni, mphepo ija yolowa m'mafupa. A Lufeyo anapachika chiguduli pakhomo, ndipo kuseri kwa chigudulicho kunkagona mkazi wawo ndi ana awo aakazi awiri. Tangoganizani, munthu wokhoma zitseko za anthu tsiku lonse. Ndipo eni nyumba anasiya mawu akuti likafika Loweruka la sabata yotsatira lendi isanaoneke, katundu apezeka panja.

A Lufeyo sanauze munthu. Kefasi ndiye anaziona podutsa, n'kudzanena pa shedi tsiku Lachisanu masana, bwana kulibe.

Amene anapsa mtima kwambiri anali kalipentala wathuyu. Anaponya hamala pansi.

"Zakwana," iye anatero. "Lolemba pasapezeke wogwira sowo kapena hamala mpaka atilipire. Madala, inu ndinu aakulu, muyambe ndinu kulankhula. Ife tili pambuyo panu."

A Lufeyo anawayang'ana onse awiri. Kenako anati, "Ana inu, mukunena zoona? Ine ndakula. Akandichotsa pano, ntchito ina sindingaipeze."

"Tikagwa tigwere limodzi, madala."

Kalipentala wathuyu anatero ndi pakamwa pake. Palibe anamukakamiza.

Kaya bwana anamva kwa yani, ine sindikudziwa. Mwina anangowerenga nkhope zawo, pakuti anthu otere maso awo ndi akuthwa. Lamulungu masana, kalipentala uja akuchokera kutchalitchi, galimoto ya bwana inaima pafupi naye. Bwana anatsitsa galasi, n'kumuitana kuti alowe.

"Mphwanga, iwe ndiwe wanga," anatero bwana. "Pa shedi paja amene ndimadalira ndi iwe. Ndapeza kangachepe. Sizikwana nonse, ndiye ndati ndiyambe ndi iwe. Koma usawauze anzako, angadandaule."

Anamupatsa envelopu. Munali malipiro a mwezi umodzi.

Munthu uja anakumbuka chiguduli cha a Lufeyo. Musaganize kuti anaiwala. Anachikumbuka bwinobwino, envelopu ili m'manja. Koma mtima wa munthu ukafuna chinthu, zifukwa susowa. Anadziuza kuti ndalamayi ndi thukuta lake, sanabe. Anadziuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anadziuzanso kuti kulandira sikuletsa kulankhula, mawa adzaimabe ndi anzake. Anaipinda envelopu, anathokoza kawiri, n'kutsika. Tsiku limenelo kwake kunanunkhira nyama, ndipo mkazi wake anaseka koyamba patapita masabata ambiri.

Lolemba m'mawa atatuwo anakhala pa benchi, zida zili pansi. Bwana atafika, a Lufeyo anaimirira, anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri. Sanakweze mawu. Anati, "Bwana, pepani. Miyezi yakwana iwiri. Kwanga anachotsa chitseko, ndipo Loweruka akutitulutsa. Tagwirizana tonse atatu kuti sitigwira ntchito mpaka mutiganizire."

Bwana sanakalipe. Anamwetulira, n'kutembenukira kwa kalipentala uja.

"Nonse atatu? Nanga iwe mphwanga, uli ndi dandaulo?"

Apa m'pamene panagona nkhani yonse. Mawu ofunika anali ochepa. Akanangoti, "Inde bwana, ndili nalo." Koma m'thumba mwake munali chenji cha ndalama ija, ndipo bwana ankamuyang'ana ngati munthu wodziwa zimene zili m'thumbamo. Anaopa kuti bwana aulula pamaso pa anzake. Anayang'ana pansi, pa utuchi. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, anapita pa tebulo lake, anatenga chopalira, n'kuyamba kupala thabwa.

Pa shedi ponse panangomveka phokoso la thabwalo. A Lufeyo anali chiimire, chipewa chili m'manja.

Posakhalitsa Kefasi nayenso anadzuka, n'kutenga sowo.

"Mwaona, madala?" anatero bwana. "Anyamatawa alibe vuto. Wosokoneza ndinu. Tengani zida zanu mukapume. Zanu ndidzakuitanani zikapezeka."

A Lufeyo anaika zida zawo m'thumba la feteleza. Sanatukwane, sanaloze munthu chala. Podutsa pa tebulo la kalipentala uja anangoima pang'ono, n'kunena kuti, "Ukupala mopingasa, mwana wanga, uwononga thabwa." Basi, anapita.

Masana, antchito awiri otsalawo anadya aliyense payekha, atafulatirana. Kenako Kefasi anafunsa, osatembenuka, "Nawenso anakupatsa?"

Ndiye kuti onse awiri analandira, aliyense akuyesa kuti wokondedwa ndi iye yekha. Ndalama inalipo. Ikanagawidwa patatu, chitseko chikanabwerera. Bwana anangodziwa dzanja loti aikemo ndi dzanja loti alilumphe, chifukwa a Lufeyo akanalandira akanabwera nayo poyera n'kuuza anzawo.

Sabata imeneyo munthu uja chakudya sichinkatsika. Mkazi wake atamufunsa chavuta n'chiyani, anati mutu. Ankachita manyazi ngakhale ndi ana ake omwe. Tsiku lililonse ankati mawa ndipita kwa a Lufeyo, ndipo tsiku lililonse miyendo inkakana. Mwaona, matenda a bwana aja, ongoti mawa mawa, anali atamulowa nayenso.

Anapita Loweruka. Anatenga ndalama imene inatsala, yosakwana ngakhale theka, n'kuyenda mpaka kunyumba kuja. Anapeza katundu ali panja. Matilesi atamangidwa ndi chingwe, mapoto ali m'beseni, ana aakazi aja atakhala pa mtolo wa zovala, anthu oyandikana nawo akuonerera. Banja linali kubwerera kumudzi.

Iye ankayembekezera kutukwanidwa. Kunena zoona, ankafuna kutukwanidwa, kuti mtima upepuke. Koma mkazi wa a Lufeyo atamuona anamasula mpando umene unali utamangidwa kale pa wilibala, anaupukuta ndi chitenje, n'kumuikira. Anagwada n'kumupatsa moni. "Pepani bambo, mwatipeza tili balalabalala. Ngakhale madzi akumwa tilibe poti tikupatsireni." Mayiwo sankadziwa kanthu. Amuna awo sanawauze kuti anawagwetsa ndani.

Munthu uja analephera kukhala pa mpandowo. Anawakokera a Lufeyo pambali, anatulutsa ndalama ija.

"Madala, ndinakulakwirani. Bwana anandipatsa ndalama Lamulungu. Landirani iyi, mwina eni nyumba angamve."

"Ndikudziwa," anatero a Lufeyo. "Ndinakuona ukutsika m'galimoto muja. Ndinali tsidya la msewu."

"Munadziwa? Nanga bwanji munalankhulabe Lolemba?"

"Unati muli pambuyo panga. Ndinati mwina walandira chifukwa cha njala, koma mawu ako akadalipo."

Anamubwezera dzanja lake mofatsa, ndalama ili momwemo.

"Sunga, mwana wanga. Imeneyo ndi yako, unaigwirira ntchito. M'nyumbamu akulowa ena mawa, analipira kale. Ine Lolemba lija sindinkafuna ndalama yako. Ndinkafuna ungonena kuti inde."

Munthu uja anabweza ndalamayo m'thumba. Anagwira wilibala, n'kuikankha mpaka pa siteji, a Lufeyo akuyenda pambali pake. Njira yonse sanathe kuwayang'ana kumaso. Katundu atakwezedwa, galimoto inanyamuka, ndipo sanadzawaonenso.

Abale anga, fanizo langa lathera pamenepo. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakwiyira bwana uja, ndipo mwakhoza. Kusunga malipiro a wantchito ndi kuba, ngakhale ukuba ukumwetulira. Ngati pano pali wina amene ali ndi antchito, mwezi watha, iye akudya, iwo akuyendera njira zakuseri, achite manyazi, akawalipire dzuwa lisanalowe.

Koma ambiri a ife si mabwana. Ambiri a ife takhala pa benchi paja. Malipiro akachedwa, kufunsa si mwano, ndipo wochita manyazi asakhale iwe amene unagwira ntchito. Funsani poyera, funsani pamodzi. Wina akakuitanirani pambali n'kukuuzani kuti musawauze anzanu, dziwani kuti chimene akugula si ntchito yanu. Landirani ngati ndi yanu, koma mukaiike pa tebulo anzanu akuona. Ndipo musamutume munthu kutsogolo ngati mukudziwa kuti miyendo yanu siilimba. Kuli bwino kumuuza Lachisanu kuti madala, ine ndikuopa, kusiyana n'kumusiya ataima yekha Lolemba.

Musandifunse kuti kalipentala ameneyu ndikumudziwa bwanji. Lero ali ndi imvi, ali ndi shedi yakeyake, ndipo anthu amamupatsa mpando wakutsogolo. Antchito ake amawalipira tsiku lake lisanadutse, koma zimenezo sizinabweze banja lija m'nyumba muja. Anamva mochedwa kuti a Lufeyo anamwalira kumudzi, maliro ataikidwa kale. Inde uja akanali naye mpaka lero, ndipo alibenso womuuza.

Inuyo wanu mukadali naye womuuza. Mukanene inde wanuyo mnzanu akadali chiimire.