Njinga Yobisidwa Kuseri kwa Ofesi

Pa kampani ina yosindikiza makalendala panali kalaliki amene aliyense ankangomutchula kuti a Sipoko. Bambo ameneyu ankakonda njinga mochititsa nsanje. Kunyumba njingayo inkakhala pabalaza, pakati pa sofa ndi wailesi ya kanema, ndipo mlendo akabwera, amene ankasuntha ndi mlendoyo. Loweruka ankaitsuka ndi mswachi, sipoko imodziimodzi, ana akudikira kuti atate awo awaonere homuweki.

"Mukanangoitengera kwa ankhoswe," akazi awo ankatero, "tidziwe kuti m'nyumba muno tilimo awiri."

Kunena chilungamo, njingayo inali yokongola, yobiriwira, yopepuka moti unkainyamula ndi dzanja limodzi. M'mawa magalimoto akathithikana pamsewu, a Sipoko ankadutsa pakati pawo akuliza belu, n'kumaweyula anzawo a kuntchito amene ankatuluka thukuta m'minibasi. Akafika ku ofesi ankalalikira za ubwino wa njinga mpaka tiyi kuzizira m'makapu.

Mtima wawo unasokonekera tsiku limene mnansi wawo anaberedwa njinga pakhomo la sitolo. Anaganiza mozama, napeza nzeru yoti wakuba amaba ndi maso. Choncho anagula penti yofiirira ngati dzimbiri, napaka njinga yonse. Felemu anaikulunga ndi zidutswa za chubu, chishalo anachiveka pepala lapulasitiki long'ambika. Pomaliza anagula unyolo wonenepa ngati mkono wa mwana, ndi loko wake.

"Mwaiphera chiyani njinga yabwinobwino?" anafunsa akazi awo.

"Mayi, zanzeruzi muzitisiyira ife. Kunjaku ndi chiphakasa, koma mkati ndi yomwe ija."

Anaonanso kuti shedi ya njinga ya pakampanipo ili pafupi kwambiri ndi msewu, pamene aliyense wodutsa amaponyapo diso. Kuseri kwa ofesi kunali geti lakale lachitsulo, lotsamira khoma, pakati pa migolo yobooka ndi zidutswa za makina akufa. Geti limenelo amuna anayi sakanalisuntha. A Sipoko anamangirira njinga yawo pamenepo, naima chapatali n'kumaisirira mmene inafananira ndi zinzake.

Mlonda wa pakampanipo, bambo wachikulire wofatsa, anawalondola.

"Bwana, pepani, pamenepo pokha ayi. Zitsulo zimenezi..."

"Madala, inu ntchito yanu ndi kutsekula geti. Njinga munayamba mwagulapo?"

"Ayi, bwana, koma lero..."

"Basitu. Zikomo."

Cha m'ma leveni mlonda uja anakwera masitepe ali wefuwefu, nagogoda pa ofesi. A Sipoko anali pakati pofotokozera mlembi watsopano kusiyana kwa magiya. Atamuona anangokweza dzanja.

"Ndili pa ntchito, madala. Nkhani za pageti muzikathera konko."

Mlonda anaima pang'ono, nakanda m'mutu, n'kutsika.

Nthawi yopuma masana a Sipoko anapita kuseri kukaizonda njinga yawo, monga mwa chizolowezi. Anapeza posesedwa bwino. Geti kunalibe, migolo kunalibe. Pakhoma panangotsala mizere ya dzimbiri. A Sipoko anathamangira kwa mlonda akufuula kuti kwabwera akuba.

"Si akuba, bwana. Ndi ogula zitsulo zakutha. Akuluakulu anawagulitsa zonse za kuseriko, anabwera ndi lole ndi kalata yake."

"Nanga inu osawauza kuti pali njinga ya munthu?"

"Ndinawauza. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Ati munthu wake uti angakwere chinthu chimenechi. Ndiye ndinabwera kwa inu."

 A Sipoko anangofunsa kumene ogulawo amapezeka, nakwera minibasi koyamba m'zaka zisanu. Tsoka ilo, panali mndandanda wa magalimoto wosaoneka kothera. Anakhala mopanikizika pakati pa mayi wonyamula beseni ndi bambo wosinza, akuyang'ana pawindo anthu a njinga akudutsa mopepuka, ena akuliza mabelu. Mtima unawawawa kwambiri.

Kumalo a zitsulo kunali phokoso logonthetsa m'khutu. Kapitawo wa pamenepo, bambo wamapewa otambalala atavala magalasi owotcherera pamphumi, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako nkhope yake inawala.

"Kodi unyolo uja ndi wanu? Akulu, ndigwireni chanza! Munagula kuti? Macheka athu awiri athothoka mano, koma iwo osakandika n'komwe."

Mtima wa a Sipoko unakhala pansi. "Ndiye kuti njinga ikadali pageti paja?"

"Ayi, getilo tinkalifuna palokha. Titaona kuti unyolo wakanika, tinangodula njingayo. Imeneyo sinavute, yofewa ngati mkate."

Anawalozera pamulu. Handulo inali uko, tayala lakumbuyo uku, felemu itagawidwa patatu. Podulidwapo, pansi pa penti yofiirira, pankaoneka kamzere kobiriwira kakunyezimira padzuwa. A Sipoko anagwada, nagwira chidutswa chimodzi, misozi ili lengelenge.

"Musalire, akulu," anatero kapitawo mokoma mtima. "Bweretsani kiyi, unyolo wanu mutenge. Ife sitiba zinthu za anthu."

Madzulo amenewo a Sipoko anafika kunyumba wapansi, unyolo uli paphewa ukulira ngwerengwere. Akazi awo anatsekula chitseko, nayang'ana unyolowo, nasuzumira kumbuyo kwa amuna awo.

"Nanga akazi anzanga aja mwawasiya kuti?"

A Sipoko anangolowa, naponya unyolowo pabalaza. M'mawa mwake anafika pakampani ndi minibasi, ndipo asanalowe anaima pageti, navula chipewa, n'kupereka moni kwa mlonda ndi manja awiri. Anali ataphunzira, ngakhale mochedwa, kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.