Chingwe cha pa Mkuyu

Bonifasio wa ku Namitambo adabwera kuchokera ku Kepi ndi katundu wachilendo: silinda ya mpweya yobereka kumsana, magalasi ophimba maso ndi mphuno, ndi lamba wa zitsulo. Kumeneko adatha zaka zisanu ndi ziwiri akupala ndere kunsi kwa zombo. Atabwerera kumudzi, aliyense amene chake chagwera m'dziwe kapena m'chitsime ankaodira pakhomo pake. Ntchitoyi ankaigwira ndi mlamu wake Kassim. Iye akalowa pansi, Kassim ankatsala kumtunda atagwira chingwe cha m'chiuno mwake. Kukoka kamodzi ndiye kuti zili bwino, kukoka katatu ndiye kuti ndivuuleni.

Mvula ya mu Febuluwale itagwa masiku anayi osakata, mtsinje udakokolola injini yothirira ya alimi a tomato n'kukaiponya m'dziwe la pamathanthwe. Lachisanu m'mawa Bonifasio adayamba kupukuta magalasi ake pakhonde.

"Bambo a Pililani, mtsinjetu ukumveka mpaka kuno," adatero mkazi wake Shamima. "Achimwene ati muwadikire atuluke kumzikiti."

"Ndidikire mpaka mchenga ukwirire injini? Ine ndidalowa m'nyanja yamchere, mayi, mafunde otalika ngati tchalitchi. Aka n'kamkodzo ka ng'ombe."

"Nanga kumeneko munkalowa nokha?"

Bonifasio ankadziwa kuti ku Kepi akadalowa yekha, kapitawo akadamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Koma alimi adali atamutama pamsika, ndipo matamandowo adali atamukwera m'mutu ngati kachasu.

Atafika pamathanthwe adasuzumira m'dziwe. Madzi adali ofiira ngati tiyi wamkaka, akumenya miyala n'kulavula thovu mpaka m'chifuwa. Adayang'ana njira ya kumzikiti, zii. Adamanga chingwe pa mkuyu wa m'mbali, nsonga ina m'chiuno, n'kutsetsereka chokhala pamwala woterera mpaka madzi adamumeza.

Pansi padalibe choona, ngakhale dzanja lake lomwe. Adapapasa miyala ngati wakhungu, madzi akumukankhira uku ndi uku, mpaka zala zidakhudza chitsulo chozizira. Injini! Asadaigwiritse, chipika chobwera ndi madzi chidamugunda paphewa n'kumukankhira m'phanga la mwala. Silinda idapanikizika. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

Adakoka chingwe katatu. Adadikira. Adakokanso katatu, mwamphamvu, ngati wogogoda panyumba ya munthu wogona. Kumtunda mkuyu udangoima chiimire.

Mantha amadya mpweya kuposa ntchito. Adayamba kupuma mothamanga, ndipo posakhalitsa mpweya udayamba kubwera monyinyirika, ngati woyamwa paudzu. Adaganiza za Pililani ali kusukulu, akuwerenga osadziwa kanthu. Adamasula malamba a silinda, adataya zitsulo za m'chiuno, adadula chingwe ndi mpeni, n'kudzipereka kwa madzi. Adamugubuduza pamiyala ngati thumba la madeya. M'khutu lakumanzere mudaphulika kanthu.

Shamima sadakhale pansi mwamuna wake atachoka. Adakaima kunja kwa mzikiti mpaka mapemphero adatha, ndipo iye ndi Kassim adathamangira kumtsinje. Adavuula chingwe chopanda munthu. Mayiyo adakhala pansi m'matope. Kassim adatsata gombe mkanjo uli m'manja, n'kupeza Bonifasio kumunsi atakakamira bango, akusanza matope, magazi akutuluka m'khutu.

Kuchipatala adamuuza kuti khutulo labooka mkati, asadzalowenso pansi pa madzi. Silinda ndi injini zili m'phanga momwemo mpaka lero.

Tsiku lotuluka, Kassim adamukweza pakaliyala wa njinga yake.

"Alamu, pakati pa ine ndi mtengo, mudaona kuti wanzeru ndi mtengo?"

"Lankhulirani mbali iyi," adatero Bonifasio chapansipansi, "uko sindikumva."

Kassim sadabwereze. Adangopalasa.

Sitinganene kuti Bonifasio sankadziwa madzi, ankawadziwa kuposa tonse. Chimene adachiyesa manyazi ndi kudikira mnzake maola awiri okha. Akuluakulu sadaname: kuyenda awiri si mantha.